Usawauzenso Bambo Ako Kuti Atsinzine

Wokondedwa mwana wanga Felista,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khitchini. Iwe wapita kukatsanzikana ndi anzako a kwaya, bambo ako ali kudimba, ndiye ndati ndilembe pano nonse mulibe. Ndikati ndilankhule pakamwa ndikalipa, ndikakalipa iwe uyamba kundiyankha m'Chingerezi chako chija, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Chikwama chako ndalongedza kale, makaka ndi nandolo zili pansi, zovala pamwamba. Kalatayi uiwerenge lero lomwe, usadikire kukafika ku Zomba, chifukwa chimene ndikufuna uchite ndi cha mawa m'mawa.

Ndakwiya, Felista. Ndakwiya kwambiri, ndipo sindikubisira. Dzulo tikudya unanena pamaso pa alamu ako kuti, "Adadi safuna kuchira, akanafuna bwenzi akulimbikira." Iwe? Kunena bambo ako choncho? Iwo anangoweramitsa mutu n'kumaseka ngati wanena nthabwala.

Ukupita kukoleji kukaphunzira za uphungu, kuti uzithandiza anthu amene mitima yawo inasweka ndi mavuto. Ndimanyadira, ndipo kutchalitchi ndawatopetsa amayi ndi dzina lako. Koma chibwerere kuno utalemba mayeso, m'mawa uliwonse umawakhazika bambo ako pakhonde, foni pa mpando, mayi wa m'fonimo akuti tsinzinani, kokani mpweya, khazikani mtima pansi, kumbuyo kwa mawu akewo kukumveka madzi akuyenda. Tsopano wati foni yakaleyo uwasiyira kuti azipitiriza okha iwe ukachoka. Apa ndiye ndakana. Foni imeneyo sitsala m'nyumba muno, ndipo bambo ako usawauzenso kuti atsinzine.

Napolo atatsika m'phiri iwe unali kusukulu yogonera konko. Umadziwa kuti mng'ono wako Eneless anapita ndi madzi, umadziwa kuti nyumba yathu yakale inakwiririka, koma phokoso lake sunalimve. Ife tinayamba kumva ndi makutu, maso asanaone kanthu. Kunkamveka ngati magalimoto ambiri akubwera pamodzi, pomwe kuno galimoto timaiona mwa apo ndi apo. Mpaka lero mwana akakhuthula ndowa kuseri kwa nyumba, anthu akuluakulu amadzidzimuka. Ukumbukire zimenezi, mwanaka: kuno madzi akuyenda si nyimbo yogonetsa mwana.

Tili pa msasa m'makalasi a sukulu ya pulaimale, kunabwera alendo a bungwe lina kudzatiphunzitsa kukhazika mtima pansi. Ankatsogolera anali mayi wina wa m'tauni, waulemu ndithu, sindimunenera zoipa za khalidwe. Anatikhazika m'kalasi, natseka chitseko kuti ana asasokoneze, nati tonse titsinzine. Kenako anayatsa kasipika. Abale inu! Mtsinje. Madzi akugudubuza timiyala, m'chipinda chotseka, anthu titatsinzina. Akuti kumene anaphunzira, phokoso la madzi limatonthoza. Mayi a Rute, aneba athu aja, anayamba kuitana ana awo mayina mmodzimmodzi. Nditatsegula maso ndinapeza malo a bambo ako ali pululu, chitseko chili chotsegula. Ndinakawapeza kuseri kwa zimbudzi za sukulu atagwira khoma, malaya atanyowa ndi thukuta.

Tsono imva chimene chinachitika pomaliza, chifukwa apa ndi pamene pali phunziro lako. Mayi uja anatifunsa kuti, "Mwamva bwanji, makolo anga?" Kalasi yonse pamodzi: "Tathandizika, zikomo kwambiri!" Tinawomba ndi m'manja momwe. Mayi a Rute omwe aja, misozi isanaume n'komwe, ndi amene anaimirira kuthokoza m'malo mwa tonse. Nanga tikanatani? Mlendo wabwera kuchokera kutali, wadutsa m'matope, mlatho kulibe, iwe n'kumuuza kuti zimene wabweretsa zatipweteka? Kuno sititero, ndipo iwe ukudziwa, unabadwira konkuno. Mayi uja anapita akusangalala, ndipo ndikhulupirira kuti kasipika kaja kanakalira m'misasa ina yonse. Ndikamaganiza zimenezi mtima umandiwira ndithu.

Sabata yotsatira anabwera ndi zina. Akuti tonse tigone chagada pamphasa, titambasule miyendo, tiyendetse maganizo m'thupi kuyambira kuzala za kumapazi mpaka kumutu. Amuna ndi akazi m'chipinda chimodzi! Ine kutembenuka, pambali pangapa pali mkamwini wanga, alamu akowa, munthu amene tikakumana panjira timapatukirana, amene sindinadyepo akundiona. Ndiye ndigone chagada apongozi ali pomwepo, ndizimvetsera ntchafu zanga? Asa! Mwamuna wa mkulu wakoyo anangoyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata, ine ndinadzikulunga chitenje mpaka kumutu, mtima ukugunda kuposa mmene ndinalowera. Potuluka anatifunsanso, ifenso tinayankhanso kuti tathandizika. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa alendowo amene anafunsa kuti kodi ndani angagone pafupi ndi ndani.

Usaganize kuti amako akana zonse chifukwa sukulu analekeza Sitandade 8. Ayi. Zina zinandithandiza, ndipo ndimazichita mpaka pano. Kuja koyika dzanja pachifuwa, kukoka mpweya pang'onopang'ono, n'kuutulutsa motalikitsa, ine kunandipulumutsa. Mvula ikayamba kugunda malata ndimakhala pamphasa, dzanja pachifuwa, mpaka mtima utabwerera m'malo mwake. Poyamba ndinkaseka kuti munthu wamkulu ndiphunzitsidwe kupuma, kodi zaka zonsezi ndimatani? Koma zimagwira ntchito, ndavomera.

Zogona chagada zomwezo, amayi titazitengera kutchalitchi, tokhatokha, chitseko chotsegula, mayi a Rute zinawathandiza zedi. Iwo mavuto onse anawakhala m'khosi ndi m'mapewa, mutu sunkatembenuka. Atayamba kumvetsera thupi lawo anazindikira okha kuti amakhala atakukuta mano tsiku lonse. Lero amasenzanso mtolo wa nkhuni. Koma ine zimenezo sizinandichite kanthu, ndinkangogona tulo, amayi n'kumandigwedeza kuti ndikuliza mkonono m'nyumba ya Mulungu.

Panalinso china chofunira anthu ena zabwino chamumtima. Umatchula munthu m'maganizo n'kumati akhale ndi mtendere, akhale ndi moyo. Chimenecho chinandigwira pamene sindinkayembekezera. Ndinali nditayamba kudana ndi anthu a kumtunda kuja amene nyumba zawo sizinakhudzidwe. Ndikaona mwana wawo wamkazi akupita kusukulu atavala yunifolomu, ndinkatembenuza nkhope. Ndinawatchula m'mtima masabata angapo, mano ali gwa, mpaka tsiku lina ndinapezeka ndawapatsa moni pachigayo. Koma mkulu wako atachiyesa, dzina loyamba kumubwerera linali la Eneless, ndipo analira mpaka kudwala. Waona? Chinthu chimodzi chomwecho, m'nyumba imodzi.

Kalongonda umamudziwa, unakula naye. Ukamuphika bwino, kutaya madzi kangapo, ndi chakudya. Ukathamangira, banja lonse lichita chizungulire. Zophunzitsa zanuzi zili chimodzimodzi, ndipo choipa n'chakuti inu mumazibweretsa m'thumba limodzi, kupuma, kutsinzina, kugona, madzi a m'sipika, n'kumati munthu ameze zonse. Akachira simudziwa chamuchiritsa. Akaipiraipira mumati sakulimbikira. Ukakafika kukolejiko ukawafunse aphunzitsi ako, usachite manyazi: mwa zonsezi, chiti chimathandiza ndani, ndipo chiti chimapweteka ndani? Ngati sadziwa anene kuti sadziwa.

Si ophunzira onse amene ali choncho, ndipo ndikufuna ukhale ngati amene ndikuuze tsopano. Alendo aja atasiya kubwera, ntchitoyo inatsala m'manja mwa a Mhango, a zaumoyo amene anali pachipatala chathu chaching'onochi. Kwawo n'kumpoto, Chichewa chawo chinali chokhota ngati chathu chomwe, moti tinkasekana. Iwo anaona kuti bambo ako amakhala pafupi ndi khomo nthawi zonse, maso ali tong'o. Sanawafunse kuti mwathandizika. Ananditsatira ine kumjigo, nati, "Mayi, akunyumba amagona? Amadya? Khasu amaligwira?" Mafunso amenewo munthu sungawayankhe mwaulemu chabe, umangonena zoona. Ndinawauza zonse nditatsamira pampopi.

Tsiku lotsatira anabwera ndi thumba la nandolo wamakoko panjinga. Anasonkhanitsa abambo amene ankathawa m'kalasi, anawakhazika panja, msana kukhoma, nkhope kuphiri, kuti aliyense aziliona kuti lili phee. Anati, "Palibe wotsinzina pano. Tiyeni tisende nandoloyu. Mvetserani khoko m'zala, imvani likamathetheka. Maganizo akathawira kumadzi, musalimbane nawo, ingobwererani ku khoko lotsatira." Abambo anaseka kuti iyi ndi ntchito ya amayi, koma anasenda. Akamaliza ankacheza, ndipo m'machezamo wina ankayamba kunena za tsiku lija, anzake akumva, manja akugwirabe ntchito. Kaya chinathandiza ndi makokowo, kaya ndi kucheza, kaya ndi kuona phiri, ngakhale a Mhango ankati sakudziwa bwinobwino. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti bambo ako anayamba kugona. Anabwerera kudimba, anayambanso kundinyoza kuti ndiwo zanga mchere wachepa. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha chipongwe chimenecho.

Kenako a Mhango anawasamutsira ku boma lina, monga amachitira ndi aliyense amene tamuzolowera. Kenako unabwera iwe, unalowa m'gulu la achinyamata odzipereka, anakuphunzitsani masiku ochepa, anakuikirani mawu aja m'mafoni. Unafika pakhomo pano nkhope ikuwala, wati, "Adadi, ndikuthandizani mwaukadaulo." Bambo ako akanakana bwanji? Mwana wawo wophunzira, amene anamulipirira sukulu ndi nandolo wa m'munda mwawo, wabwera ndi mankhwala. Ngati sanathe kumukanira mlendo wa m'tauni, akanakukanira iwe?

Iwe ukamaliza umawafunsa kuti, "Mwamva bwanji, adadi?" Amati, "Bwino, mama, thupi lapepuka." Iwe n'kulowa m'nyumba ukuimba. Ine ndimatsala panja ndipo ndimaona zotsatira. Amazungulira kuseri kwa khola la mbuzi, amagwira mtengo, nthawi zina amasanza phala lonse. Manja amanjenjemera moti khasu amayamba alisiya kaye pansi. Lamba aboola kale mabowo ena. Tulo tinathawanso. Ndinakuuzapo mwezi watha kuti bambo ako akuwonda, iwe unati ndi chizindikiro chabwino, maganizo oipa akutuluka, tipirire. Tipirire! Munthu akutha ngati sopo uli pomwepo, iwe ukuti akutuluka ndi maganizo? Ndinafuna kuiponya m'chimbudzi foni imeneyo, koma bambo ako anandigwira mkono, akuti ndisakukhumudwitse.

Pali chimene sudziwa, ndipo ndikuuza chifukwa wakula. Eneless sanangokokoloka ali yekha ayi. Bambo ako anali atamugwira pamkono, dzanja lina atakolowetsa pamtengo. Anamugwira mpaka chigobo cha mtengo chinawamenya paphewa, dzanja linachita dzanzi, n'kutseguka lokha. Masiku ano akatsegula maso amaona munda, mbuzi, ine, iwe. Akangotsinzina amaona nkhope ya mwana uja ikutalikira. Ndiye iwe m'mawa uliwonse umawatsekera m'menemo, n'kuwayatsira ndi madzi omwe. Sunadziwe, ndikuvomereza. Koma sunafunsenso, Felista, ndipo ichi ndi chimene chandikwiyitsa. Unali ndi yankho usanamve funso.

Ndiye malangizo anga ndi awa, ndipo ndiwabwereza mpaka utope nawo. Munthu wa kuno akakuuza kuti wathandizika, usakondwe msanga. Yang'ana manja ake. Yang'ana kumene akulowera akachoka pamaso pako. Pita ukafunse amene amagona naye nyumba imodzi. Usanauze munthu kuti atsinzine, mufunse kuti akatsinzina amaona chiyani, ndipo akati sakufuna, usalembe kuti ndi wovuta. Usanatseke chitseko, funsa. Usanagoneke anthu pamphasa, yang'ana amene ali m'chipindamo ndi ubale wawo. Wina mupatse kupuma, wina mupatse choti agwire m'manja, wina ingokhala naye pansi umumvere. Chikakanika, chakanika ndi chida chako, osati munthuyo. Mawu akuti safuna kuchira ndisadzawamvenso pakamwa pako, kaya ukunena bambo ako, kaya ukunena munthu wa kunyanja ya Chilwa amene sindidzamuona n'komwe. Ndani safuna kuchira? Unamuonapo ndani?

Za anyamata a ku Zomba, za kutchalitchi, za kusamala zovala zako, ndinakuuza kale kambirimbiri, ndipo mutu uli nawo. Uzidya. Ukadwala uziimba foni kwa mkulu wako, usamabise. Izo sizikundidetsa nkhawa kwenikweni. Chikundidetsa nkhawa n'chakuti ukachoka pano ukukhulupirira kuti njira yako inagwira ntchito pa bambo ako, udzaitenga ndi satifiketi m'manja n'kukaichita kwa anthu ambirimbiri, onse akukuwombera m'manja, onse akukasanza kuseri kwa makola awo.

Ndipo zimenezo zikhoza kuchitika mawa lomweli. Lero m'mawa bambo ako akupopa matayala a njinga imene akuperekezere kusiteji, anandiitana. Akuti, "Amake Felista, mawa panjira ndimuuza mwanayu kuti ndachira. Ndimuuza kuti foni yake yandithandiza, ndipo ndizipitiriza tsiku lililonse. Apite ndi mtima umodzi, akaphunzire. Inu musakanene kanthu." Ndinawafunsa kuti nanga akadzabwera pa holide n'kukupezani mwatha? Akuti pofika nthawi imeneyo adzakhala atazolowera. Ndinawauza pamaso kuti ine bodza limenelo sindilowa nawo. Anangopitiriza kupopa tayala lomwe linali litakhuta kale.

Masana ano ndinawapititsira madzi akumwa kudimba. Ndisanafike ndinamva munthu akulankhula, ndinayesa ali ndi mlendo. Anali okha, ataima pakati pa mizere ya tomato, akuyeserera. "Mama, ndachira. Mama, ine ndachira, usadandaule." Mawu akanjenjemera ankatsokomola n'kuyambiranso. Munthu wa imvi, kuphunzira kunama ngati mwana woloweza ndakatulo ya pasukulu, n'cholinga choti iwe usanyamule katundu wawo. Ndinabwerera ndi madzi anga osawapatsa, ndinalira njira yonse, ndipo nditafika ndi pamene ndinatenga pepalali.

Mawa udzakhala pakaliyala, iwo akupalasa. Sadzakuyang'ana kumaso, n'chifukwa chake asankha panjinga. Adzanena mawu awo aja, mwina pokwera chitunda, kuti kupuma kwawo kubise kunjenjemera. Usawathokoze, Felista. Usawatsutsenso ngati uli m'kalasi, ndipo usanene kuti amayi andiuza, adziwa okha. Uwapemphe aime. Utsike, uime patsogolo pawo, upepese chifukwa cha mawu a dzulo aja. Uwauze kuti safunika kuchira kuti iwe upite, ndiponso kuti simudzachitanso zotsinzina. Kenako ukhale chete. Ndikudziwa kuti kukhala chete kumakuvuta, unatengera ine, koma uyesetse. Akafuna kunena za Eneless, uwasiye anene mpaka amalize, ngakhale minibasi yoyamba ikusiye. Ina idzabwera, koleji sithawa.

Bambo ako sanauzepo mwana wawo aliyense zimene zinachitika pamtengo paja. Akuopa kuti mukadziwa mudzawayang'ana mwa mtundu wina. Ine ndawauza mpaka pakamwa kuuma kuti palibe dzanja la munthu limene likanalimbana ndi madzi aja, koma ine ndine mkazi wawo, amati ndikungowatonthoza. Akufunika kumva kwa mwana wawo. Ukawauza iwe, mwina akhulupirira.

Uyende bwino, mwanaka. Ndakukalipira chifukwa ndiwe wanga, ndipo Mulungu akutsogolere kumene ukupitako. Ine sindikuperekezani kusiteji, nditsala pakhomo dala. Bambo ako akamabwerera ndidzawaona akutulukira pa mjigo paja, ndipo ndidzadziwa ndi mmene akupalasira ngati unatsika panjinga kapena ayi.

Ndine amako,
Esitere